Nkhope ikamakula mbali imodzi: zinayamba liti, ndipo zikufulumira bwanji?

Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende. Diso lina limatsikirako pang'ono, mphuno imapendekera kwina, tsaya lina limadzaza kuposa linzake. Ambiri timadabwa nazo tikajambulidwa pa foni, poti tinazolowera nkhope ya pagalasi, yomwe imaoneka motembenuka. Amenewa si matenda, ndipo safuna mankhwala.

Koma pali kusiyana kwina koti ngakhale wodutsa panjira amacheuka: chibwano chakhotera kumanzere, tsaya lamanja latuluka, khutu limodzi ndi kamnofu kopindika chabe, kapena mbali imodzi ikunka niphwa chaka ndi chaka. Kumudzi nkhani yotere sichedwa kupeza mwini wake. Ena amati mwanayo analodzedwa, ena amati mayi ake anaseka munthu wolumala ali ndi pakati. Kuchipatala zifukwa zake ndi zambiri, ndipo matendawa si apachibale onse. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti maonekedwe amanamiza. Nkhope yomvetsa chisoni kwambiri imatha kudikira opaleshoni zaka khumi popanda vuto, pamene kutupa kooneka kochepa kwa masabata atatu kumatha kupha mwana chaka chisanathe. Mabanja ambiri amachita zosemphana: amathamanga ndi zoyenera kudikira, n'kuzengereza ndi zoyenera kuthamanga nazo.

Kodi mbali yodwala ndi iti?

Ikani chala kutsogolo kwa khutu, pafupi ndi bowo, kenako yasamulani. Kanthu kamene kakuyenda pansi pa chalacho ndi kamutu ka nsagwada ya m'munsi, pamene fupali limalumikizana ndi chigaza. Timitu timeneti tilipo tiwiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo mwa mwana ndi pamene nsagwada imatalikira kwambiri. Nsagwadayo inakolowekedwa ngati chogwirira cha ndowa: mkono umodzi wa chogwiriracho ukafupika, pakati pake pamasunthira kofupikako. Ndiye chibwano nthawi zonse chimaloza mbali imene ndi yaifupi. Ngati mbali ina yalephera kukula, chibwano chimapita kodwalako. Ngati mbali ina yakula mopitirira, chibwano chimakankhidwira kumbali yabwino.

N'chifukwa chake makolo amaloza tsaya lolakwika kawirikawiri. Mwana amene kamutu ka nsagwada yake kanaonongeka amaoneka wonenepa tsaya la mbali yodwalayo, poti minofu yaunjikana pa fupa lalifupi, pamene mbali yabwino imaoneka yophwa ndi yaitali. Dokotala wodziwa ntchito sayamba ndi tsaya. Amamulumitsa mwana kamtengo kaphanthiphanthi kopanikizira lilime kaja mopingasa, n'kuima patali kuona ngati kali mowongoka poyerekeza ndi maso. Kakapendekeka, ndiye kuti mafupa eni ake, osati minofu yokha, akula mosiyana.

Kutupa kofulumira kwa mwana

Tiyambe ndi kumene kulibe nthawi yotaya. M'chaka cha 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt anaona mwana wamng'ono wotupa nsagwada m'mwamba ndi m'munsi. Posakhalitsa anaonanso wina. Mu 1958 analemba za matendawa, khansa imene lero imatchedwa Burkitt lymphoma, ndipo mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kufunsa m'zipatala zoposa 50 ngati anaonapo ana otere. Nyasaland inali panjira yawo. Anapeza kuti khansayi imakonda malo otentha, otsika ndi achinyontho, monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, ndipo imasowa kumapiri kozizira. Malo ake anali omwewo amene malungo amavuta chaka chonse. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupacho, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Pafupifupi tonse kachilomboka tinakatenga tili ana ndipo sikatichita kanthu, koma kakakumana ndi malungo obwerezabwereza, maselo ena oteteza thupi amayamba kuchulukana mosalamulirika.

Burkitt lymphoma ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi muno ndi m'maiko oyandikana nafe. Imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 10, anyamata kuposa atsikana. Ndi khansa yofulumira kuposa pafupifupi ina iliyonse: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Tsaya limatupa, nthawi zambiri osapweteka kwenikweni. Mano a pamalopo amayamba kugwedera ndi kusunthika m'malo mwake, usinini umafufuma, diso limatha kutong'oka. Ana ambiri amatupanso mimba, ndipo ena amafooka miyendo mwadzidzidzi.

Msampha wake ndi dzino. Poona dzino likugwedera pa tsaya lotupa, aliyense amaganiza za dzino lobooka. Dzino limazulidwa, mwana amapatsidwa mankhwala opha tizilombo, banja libwerera kwawo kukadikira. Kapena amapita naye kukatema mphini pa chotupacho. Masabata awiri otayika motere ndi ambiri pa nthenda imeneyi. Chotupa cha dzino chimapweteka, chimatentha, chimabwera ndi kutentha thupi, ndipo mafinya akatuluka chimaphwa m'masiku ochepa. Matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu, kawirikawiri mbali zonse, n'kutha okha pasanathe masabata awiri. Kutupa kumene kukupitirira kukula dzino litachoka, kapena kumene kukugwedeza mano angapo abwinobwino, n'kofunika chipatala chachikulu sabata yomweyo. Ku Gulupu ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mawodi a ana odwala khansa. Amatengako kachidutswa kapena timadzi ta m'chotupa kukayeza, ndipo mankhwala ake, monga cyclophosphamide, amatha kuphwetsa tsaya m'masiku owerengeka. Apa pamabukanso vuto lina: poona nkhope yabwerera, makolo ena amamutulutsa mwana mankhwala asanathe, khansa n'kubwereranso yolusa. M'maiko olemera ana 9 mwa 10 alionse amachira. Kuno chiwerengerocho n'chotsika kwambiri, ndipo kufika mochedwa ndi kusiyira panjira ndi zina mwa zifukwa zake zazikulu.

Munthu wamkulu amene wadzuka m'mawa kukamwa kutakhota, nkhope yake siinakule mbali imodzi ayi. Ndi mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope umene wafooka. Ngati nsidze ndi chikope nazonso zalephera kuyenda koma thupi lonse lili bwino, nthawi zambiri ndi nthenda yotchedwa Bell's palsy, ndipo ambiri amachira. Ngati mkono kapena mwendo wafooka, kapena mawu akutuluka mokoka, imeneyo ndi sitiroko, ya kuchipatala ola lomwelo.

Obadwa nazo

Nkhope ya munthu imaumbika msanga, pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu ya mimba, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe kuti ndi oyembekezera. M'khosi mwa kamwanako mumakhala timizere ta minofu, ndipo tiwiri toyambirira ndi timene timapanga nsagwada, khutu lakunja, timafupa ta m'kati mwa khutu, minofu yotafunira ndi yomwetulira. Timizereti tikasokonezeka mbali imodzi, zonsezi zimachepa pamodzi. Madokotala amati hemifacial microsomia. Pa zilema zobadwa nazo za kunkhope, imaposedwa kuchuluka ndi mlomo wong'ambika wokha. Amati imapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 3,500 mpaka 5,600 obadwa.

Ana ake amasiyana kwambiri. Wina amangokhala ndi timinofu tolendewera kutsogolo kwa khutu ndi chibwano chokhota pang'ono. Wina alibiretu bowo la khutu, kamutu ka nsagwada kulibe, kamwa lang'ambikira kutsaya. Pakakhalanso kachotupa koyera pa diso ndi mafupa a msana osaumbika bwino, amatchula dzina la Maurice Goldenhar, amene anafotokoza za ana otere mu 1952. Chomwe chimayambitsa sichidziwika mwa ana ambiri. David Poswillo anaonetsa mu 1973, poyesa pa nyama, kuti kamtsempha ka magazi ka pafupi ndi khutu kakaphulika kamwana kakuumbika, zotsatira zake zimafanana ndi zimenezi. Zimachitika mochulukirapo mwa mapasa, mwa ana a amayi odwala shuga, ndi mwa amene mayi awo anamwa mankhwala ena monga thalidomide kapena isotretinoin mimba ili yaing'ono. Koma amayi ochuluka sanachite chilichonse cholakwika, ndipo m'mabanja ambiri sizibwerezanso.

Mwana wotere akabadwa, maso a aliyense amakhala pa khutu. Zofunika msanga ndi zina: kodi akupuma bwino akagona, akuyamwa mokwanira, nanga khutu linalo likumva? Khutu limodzi lakumva bwino limakwanira kuti mwana aphunzire kulankhula, koma liyenera kuyezedwa, ndipo likayamba kutuluka mafinya lisalekereredwe. Impso, mtima ndi msana nazo n'zoti ziunikidwe. Kusukulu mwanayo azikhala kutsogolo, khutu lakumvalo litaloza kwa aphunzitsi. Chinthu chaching'ono chotere chimathandiza kuposa opaleshoni yofulumira.

Kukonza khutu kumadikira mpaka mwana atafika zaka 6 mpaka 10, chifukwa amasema khutu latsopano kuchokera ku mbali yofewa ya nthiti za mwanayo, ndiye nthitizo ziyenera kukula kaye. Dokotala wa ku Japan Satoru Nagata, amene njira yake ikutsatidwa m'maiko ambiri, ankafuna mwana wa zaka 10. Za nsagwada, njira yochititsa chidwi inachokera ku mafupa a miyendo. Gavriil Ilizarov, wa ku Kurgan ku Siberia, anapeza m'zaka za m'ma 1950 kuti fupa likadulidwa n'kumakokedwa pang'onopang'ono, fupa latsopano limamera pampatapo. Mu 1992 Joseph McCarthy wa ku New York analemba za ana oyamba amene anawatalikitsa nsagwada mwa njirayi. Amadula fupa, n'kumangirira kachitsulo mbali zonse za podulapo. Pakapita masiku angapo, kholo limapatsidwa kasipanala kakang'ono koti lizipotokola tsiku ndi tsiku, fupa lizitalika milimita imodzi patsiku. Pakatha masabata awiri kapena atatu chibwano chimakhala chafika pakati, kenako kachitsuloko kamakhalabe miyezi iwiri kapena itatu kuti fupa likhwime.

Poyamba anthu anasangalala nayo kwambiri njirayi. Zaka zitapita zinaoneka kuti mbali yodwalayo imapitiriza kukula mochedwa, ndipo ana ambiri otalikitsidwa ali aang'ono nkhope zawo zimakhotanso akamatha msinkhu. Lero madokotala ambiri amachita msanga pokhapokha mwana akuvutika kupuma kapena kudya. Apo ayi amadikira mafupa asiye kukula, cha m'ma zaka 16 mpaka 18, kuti akonze kamodzi.

Khanda lopendeketsa mutu mbali imodzi nthawi zonse, mwina lili ndi kabulu kolimba m'mnofu wa m'khosi, nalonso limatha kuphwa mbali ina ya mutu ndi nkhope. Limeneli a fiziyo amalithandiza ndi kuongola khosi m'miyezi yoyambirira, ndipo ambiri safika pa mpeni.

Anagwa ali wamng'ono

Ili ndi gulu limene sililankhulidwa mokwanira, chonsecho m'zipatala za mu Africa limaoneka kawirikawiri. Mwana wagwa mu mtengo wa mango kapena panjinga, wamenyetsa chibwano pansi. Bala la pansi pa chibwano lasokedwa, lapola, nkhani yatha. Palibe anaganiza kuti mphamvu ya kugwako inayenda m'fupa mpaka kukaphwanya kamutu kaja kutsogolo kwa khutu. Magazi amaundana polumikizirapo, ndipo m'miyezi yotsatira nsagwada imamatirira ku chigaza. Mafinya a m'khutu osachiritsidwa amathanso kulowa pamenepo n'kuchita zomwezo.

Zimabwera mwakachetechete. Munthu wabwinobwino amatha kulowetsa m'kamwa zala zake zitatu zosanjikiza. Mwanayu zimayamba kulowa ziwiri, kenako chimodzi, kenako ngakhale supuni ikukanika. Amaphunzira kufinya mbamu ya nsima ndi chala pampata wa mano, nyama amaisiya, mswachi sulowa, mano amaola, usiku amaliza mkonono. Mbali yomatirirayo yasiya kukula, chibwano chikunka chikhotera komweko. Pofika zaka 12, achibale amakhala ataiwala za kugwa kuja. Chipsera cha pansi pa chibwano ndicho chimakumbutsa dokotala.

Apa kudikira sikuthandiza. Opaleshoni imachotsa fupa lomatiriralo, nthawi zina n'kuikapo kachidutswa ka nthiti kuti kakhale kamutu katsopano. Koma ntchito yaikulu imatsalira kunyumba. Mwana ayenera kuyasamulitsidwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri, posanjikiza timitengo topanikizira lilime tija pakati pa mano ndi kumawonjezera kamodzikamodzi. Zimapweteka, mwana amalira, agogo amamva chisoni n'kuletsa. Akasiya, fupa limamatiriranso.

Nthenda yotchedwa noma nayo imasiya nsagwada yomangika ndi nkhope yoperewera mbali imodzi. Imagwira ana a zaka 2 mpaka 6 onyentchera, kawirikawiri atangodwala chikuku kapena malungo. Imayamba ngati chilonda cha pa usinini chonunkha kwambiri, ndipo m'masiku ochepa imaboola tsaya. Ambiri osalandira chithandizo amamwalira, pamene mankhwala opha tizilombo ndi chakudya chabwino zimaiimitsa ikagwidwa msanga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaiika m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu December 2023.

Zoyamba munthu atakula kale

Mtsikana wa zaka 15 amene anali ndi nkhope yowongoka amatha kuona chibwano chikusuntha pang'onopang'ono, mano a m'mwamba ndi a m'munsi osakumananso monga kale. Kawirikawiri ndi kamutu ka nsagwada ka mbali imodzi kamene kakana kusiya kukula anzake atasiya. Hugo Obwegeser ndi Miro Makek anagawa vutoli m'mitundu iwiri mu 1986: lina limatalikitsa nsagwada cham'mbali, lina limaikulitsa chotsika. Si khansa. Funso limakhala lakuti kamutuko kakadakulabe kapena kaima. Ngati kakukulabe amakadula pamwamba. Ngati kaima amawongola nsagwada ndi mano.

Fupa lenilenilo limathanso kufufuma. Pa nthenda ya fibrous dysplasia, fupa labwino limalowedwa m'malo ndi fupa losakhwima, ndipo tsaya, chipumi kapena nsagwada ya m'mwamba imatukuka molimba, mosapweteka, kuyambira paubwana. Nthawi zambiri imachepetsa liwiro munthu akatha msinkhu, ndipo amangoipala kuti nkhope ilingane, kupatula ngati ikupanikiza mtsempha wa diso. Mwa akuluakulu a zaka za m'ma 20 mpaka 40, chotupa chofala cha nsagwada ya m'munsi ndi ameloblastoma, chochokera ku maselo amene anapanga mano. Sichikonda kufalikira m'thupi, koma sichisiya kukula. Poti sichipweteka, anthu amakhala nacho zaka zambiri atachiphimba ndi mpango. Chikadali chaching'ono amachotsa kachigawo ka fupa. Chikakula amachotsa theka la nsagwada.

Ndiye pali nthenda yotchedwa Parry-Romberg, imene imachita zosiyana ndi zonsezi. Caleb Parry, dokotala wa ku Bath ku England, anailemba m'zolemba zake zimene zinasindikizidwa mu 1825 iye atamwalira kale, ndipo Moritz Romberg wa ku Berlin anaifotokoza bwino mu 1846. Mwana wobadwa bwinobwino, nthawi zambiri mtsikana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15, amayamba ndi kabanga koderapo kapena kotuwa pa tsaya kapena pachipumi. Mafuta a pansi pa khungu amasungunuka, kenako mnofu, ndipo ngati yayamba ali wamng'ono, fupa nalo silikula. Diso limalowa m'kati, tsitsi ndi nsidze zimathothoka pamalopo, ena amakhala ndi mzere wolowa kuchokera m'tsitsi kutsikira pachipumi. Zonsezi zimalekezera pakati penipeni pa nkhope. Ena amadwala mutu waching'alang'ala kapena khunyu. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ndi chitetezo cha m'thupi chimene chikuukira thupi lomwelo, n'chifukwa chake ikadali yolusa amapereka methotrexate ndi mankhwala a steroid. Imayenda zaka ziwiri mpaka khumi, nthawi zina kuposerapo, kenako imaima yokha. Ikaima, amatenga mafuta a pamimba kapena pantchafu n'kubaya m'tsaya lophwalo, mwina kangapo, chifukwa ena mwa mafutawo amasungunuka.

N'chifukwa chiyani mbali imodzi yokha?

Kwa matenda ena yankho lapezeka m'zaka zaposachedwapa, ndipo n'lothandiza m'mabanja momwe akuchimuna ndi akuchikazi amalozana zala. Munthu amayamba ngati selo limodzi limene limagawikana kambirimbiri. Nthawi zina cholakwika cha mu DNA, malangizo a m'selo oumbira thupi, chimachitika osati mu umuna kapena m'dzira, koma mu selo limodzi kamwana katayamba kale kuumbika. Maselo okhawo ochokera ku selo limenelo ndi amene amatenga cholakwikacho. Ngati anakakhala kutsaya lamanzere, tsaya lamanzere lokha ndilo lidzakule mopitirira. Fibrous dysplasia imayamba motere, ndi cholakwika cha pamalo otchedwa GNAS. Ana obadwa ndi tsaya lalikulu, theka la lilime lokula ndi mano aakulu omera msanga mbali imodzi, ambiri amapezeka ndi cholakwika cha pa PIK3CA. Sanatengere kwa bambo kapena kwa mayi. Mu 2022 dziko la America linavomereza mankhwala a alpelisib kwa odwala a PIK3CA ovutika kwambiri, koma mtengo wake ndi woti mabanja athu ambiri sangaufikire.

Yosiyana ndi neurofibromatosis, imene imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 3,000. Theka la odwala ake amatengera kwa kholo. Chizindikiro chake ndi mabanga ofiirira angapo pakhungu kuyambira paukhanda, ndipo ena amamera chotupa chofewa cha m'mitsempha chimene chimalendeweretsa chikope kapena tsaya.

Akatswiri a opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope ndi ochepa kwambiri m'Malawi. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019, pa sukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences. Choncho wodwala amadutsa m'manja ambiri asanafike kwa woyenera, ndipo aliyense amamuona tsiku limodzi lokha, pamene nthendayi imadziwika ndi mmene yasinthira. Banja ndilo lingasunge mbiri imeneyi. Popita kuchipatala tengani zithunzi zakale, ngakhale za paukwati wa wachibale kapena za pa khadi la sukulu, pamodzi ndi buku la kusikelo. Ngati dokotala wanena kuti mudikire, muzijambula pa foni miyezi itatu iliyonse: chimodzi chakutsogolo, china kuchokera kunsi kwa chibwano mutu utagadamira, china mano atalumana milomo itatseguka. Lembani deti lake, ndi kuchuluka kwa zala zimene zikulowa m'kamwa. Pa nsagwada yokula mbali imodzi kapena tsaya lomwe likuphwa, madokotala sakonda kuchita opaleshoni yomaliza asanatsimikize kuti papita miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka nkhope isanasinthe, ndipo kumene makina ounikira mafupa ali kutali, zithunzi za pa foni zimenezo ndi zomwe adzayang'ane.